Kalipentala amene anakana kugwira chisamani

Panali munthu wina, kalipentala wachikulire, amene anapwetekedwa ndi mkamwini wake weniweni chaka chimene anakwanitsa zaka makumi atatu akupala matabwa pamalo amodzi. Nkhaniyi ndi yoona, asakunamizeni.

Mkamwiniyo anthu ankamutcha Loya. Sukulu ya malamulo sanaipondeko, koma tsiku lonse ankangokhalira pafoni kumvera anthu akutambasula zigamulo za makhoti: lero za malo, mawa za mabanja, mkuja za ntchito. Mdalayo sukulu anangoinunkha, choncho ankamumvera kukamwa kuli yasa.

Tsiku lina mwini galaja yoyandikana ndi shedi ya mdalayo anakasuma kuti shediyo inalowa m'malo ake. Linali bodza. Pepala la malowo mdalayo anali nalo, lokutidwa m'pulasitiki, pansi pa bokosi la zida.

"Bambo, musade nkhawa," anatero Loya. "Khoti lalikulu lagamula posachedwapa kuti chisamani ngati simunachigwire ndi dzanja lanu, mlandu palibe. Akabwera nacho, manja kumbuyo."

Mesenjala wa khoti atafika, mdalayo anabisadi manja.

"Landirani, madala."

"Manja ali ndi guluu."

"Guluu wakeyo ndi wa manja onse awiri?"

Mesenjalayo anaika pepalalo pabenchi, n'kulitsikiza ndi puleni, n'kulemba m'buku lake, ulendo.

Pepalalo linakhala pomwepo masabata atatu. Mdalayo ankalilambalala ngati njoka, utuchi n'kumaliunjikira. Chakudya sichinkalowa. Tebulo la kasitomala analidula mwendo umodzi waufupi, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire. Galimoto ikangoima pamsewu, ankasiya ntchito n'kusuzumira panja.

"Abambo, pitani kukhotiko," anatero mkazi wake. "Pepala la malo muli nalo, mukuopa chiyani?"

"Inu mayi, malamulo munawaphunzira kuti? Kuchigayo?"

"Nanga mkamwini wanuyo anawaphunzira kuti? Munthu wolephera ngakhale kukhoma msomali!"

Tsiku la mlandu mdalayo anadzuka mtima uli m'mwamba. Anavala jekete, n'kutenga pepala lake. Pakhomo anakumana ndi Loya.

"Bambo, mukakangoponda pakhoti paja ndiye kuti mwavomera mlandu. Vulani jeketeyo."

Anavula.

Kukhoti anaitana dzina lake katatu, zii. Woweruza anamva mbali imodzi n'kugamula kuti shediyo igwetsedwe. Mdalayo atamva, Loya anati, "Akungokuopsezani. Khalani phee." Anakhaladi phee, mpaka masiku opempha kuti mlandu umvedwenso anadutsa.

Masherifu anafika Lachiwiri m'mawa. Mdalayo anathamangira mkulu wawo, pepala la malo lili m'manja. Mkuluyo anawerenga, n'kupukusa mutu.

"Madala, pepala ili likanakupulumutsani. Koma poonetsera pake si pano."

"Komatu chisamanicho sindinachigwire!"

"Anakuuzani zimenezo ndani?"

Anasasula malata limodzilimodzi. Benchi imene anaikhoma yekha ali mnyamata anaiponya pamsewu, miyendo m'mwamba. Anthu ankangoonerera. Ena mwa iwo amagonera mabedi ake mpaka lero, koma palibe anatola ngakhale msomali kumuthandiza.

Makaniko wina wapagalajapo ndi amene anadzaulula. Bwana wake analonjeza Loya ntchito yosunga makiyi a chipinda cha zipangizo, bola apongozi akewo asafike kukhoti. Chigamulo cha manja kumbuyo chija Loya anangochipeka.

Loya anapita kukayamba ntchitoyo atamanga tayi. Mwini galaja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Munthu wogulitsa apongozi ake ndimupatse makiyi anga? Tuluka."

Mkazi wa Loya anatenga ana n'kubwerera kwa makolo ake. Lero Loya amagona m'basi yakufa kuseri kwa msika, ndipo palibe amamupatsa moni.

Phunziro: Pepala la khoti likafika, lilandireni, mupeze munthu wodziwadi akuwerengereni, ndipo tsiku la mlandu mukaonekere nokha ngakhale miyendo ikunjenjemera. Womvera zigamulo pafoni si loya, ngakhale atakwatira mwana wanu. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene makolo awo sadziwa kuwerenga.