Chingwe cha Girafini

Mirriam anali kusesa pakhomo pamene mnansi wawo Peace anafika akukoka mbuzi.

"Amake Nathan, mbuzi yanuyi yalowanso m'dimba langa. Repu yonse yatha."

Dzulo lake a Lyford, amuna ake a Mirriam, anamva pawailesi kuti girafini, yolimba kuposa chitsulo, imachokera ku chakuda cha m'pensulo. Anaswera kupaka chakudacho pa chingwe cha mbuziyo, Mirriam akuwasongolera mapensulo.

"Chingwe chija sichingaduke!" anatero a Lyford potuluka m'nyumba.

"Sichinaduke, ba Lyford," anatero Peace. "Yachidya."

A Lyford anavula chipewa, nagwada. Mirriam, poganiza kuti apepesa kwa Peace, anayamika Mulungu mumtima kuti chinansi chapulumuka. Koma amuna akewo anatembenukira kwa mbuzi, yomwe tsopano inali ndi girafini m'mimba.

"Nikhululukireni, abwana. Ndodo ija ya Lolemba inali nthabwala chabe."