Tsiku Lomwe Kompyuta Inayaka Mwachangu

Nuru anaipeza kompyuta ili choyaka. Bambo ake, a Kassimu, ankaiyatsa m'mawa potsegula shopu yawo ya mbewu ndi feteleza pa Chimbiya, osaizimitsanso mpaka potseka. Ikangozima, munthu ankatha kumwa tiyi n'kutsuka kapu iyo isanakonzeke. Alimi ankadikira pakauntala atapinda manja ndi chisanu, ena n'kutopa n'kukagula kwina.

"Wachita bwino kubwera. Undikonzere chinthuchi, ine ndikupita kumzikiti," anatero a Kassimu akuvala nsapato.

Vutolo Nuru ankalidziwa, poti pulogalamu yogulitsira katunduyo anailemba yekha ali kukoleji. Nthawi imeneyo masetingi ankawasunga mobalalika. Kukula kwa zilembo kunali m'kafayilo kake, chilankhulo m'kake, dzina la pulinta m'kakenso. Poyaka, kompyuta inkatsegula timafayiloto kamodzikamodzi, ndipo popita zaka tinachuluka. Tsopano Nuru ankagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo kalembedwe kotero kankamuchititsa manyazi.

Anasonkhanitsa masetingi onse m'fayilo imodzi yoti iziwerengedwa kamodzi basi. Foda yakale yomwe munkakhala timafayilo tija anaifufuta yonse, osayang'ana china chomwe chinali m'menemo, n'kukhuthula ndi bini yosungira zofufutidwa yomwe.

Anaizimitsa kompyuta, n'kuiyatsa. Asanabweze dzanja, pulogalamu inali itatseguka kale. Anamwetulira. Kenako kumwetulirako kunazilala.

M'shopumo munali zii.

Kompyutayi sinkayaka mwakachetechete. Zaka zapitazo, mongocheza, Nuru anajambula mayi ake akufunsa kuti, "A Kassimu, mwamwa mankhwala a shuga?" n'kuika mawuwo kuti azimveka ikangoyaka. Mayiwo anamwalira dzinja lathali. Foni yawo inasowa kuchipatala, ndipo mawu awo sanatsale pena paliponse. Mawu ojambulidwawo ankakhala m'foda ija.

Nuru anafufuza paliponse. Anayesa pulogalamu yobwezera zofufutidwa, koma inangomubweretsera timafayilo ta zilembo ndi ta pulinta. Mayi wina anabwera kudzagula mbewu ya kabichi, iye n'kumupatsa ya tomato.

Anawaona bambo ake m'maganizo, akutsegula shopu m'mawa okhaokha, atakhala pampandowu kudikira mawu a mkazi wawo. Iye chichitikireni sadaka ya mayi ake anali asanapondeko kuno. Foni ankaimba mwa apo ndi apo, nthawi zonse ali pachangu. Lero wabwera, ndipo chachikulu chomwe wachita n'kuwalanda bambo ake kamoni kokhako komwe kanawatsalira.

Anaganiza zonama. Akanatha kunena kuti sipika yapsa, mawa n'kukwera minibasi. Anafika pogwira waya wa sipikayo, koma dzanja linakana kuzula.

A Kassimu anabwera atanyamula chimanga chootcha papepala. Anachiika patebulo.

"Zatheka?"

Nuru anaizimitsa kompyuta, n'kuiyatsa iwo akuona. Inayaka nthawi yomweyo. Onse awiri anangoiyang'ana, ngati akudikirabe kanthu. Panja lole inadutsa ikulira mabuleki.

"Ababa, ndalakwa," anatero Nuru. "Mawu a amayi aja ndawafufuta. Sindinayang'ane. Ndayesa kuwabweza, zakanika. Mundikhululukire."

A Kassimu anakhala pathumba la feteleza. Anavula chipewa chawo n'kumachitembenuza m'manja, maso ali pansi. Nuru anagwada pambali pawo akuyembekeza kukalipiridwa, kapena choopsa kuposa apo, kuwaona akulira.

"Dzuka, mwanawanga," anatero motsitsa. "Iwe sunafufute kanthu. Mawuwo ndinachotsa ndine, mwezi watha. Zinkandikanika kuwamva mayi ako m'mawa, madzulo n'kukagogoda kwa a Hadija. Ndikuwakwatira, Nuru, ndipo ndimasowa poyambira kukuuza."