Mzere wa Mwini Nyumba

"Amayi, mwaononganso pepala! Mwalembanso dzina la ababa," anatero mwana wawo wamkazi mu ofesi ya loya.

"Likulemba ndi dzanjali, osati ine."

"Ndiye liuzeni dzanjalo kuti ababa tinawaika m'manda chaka chatha."

Loya anatsokomola n'kutulutsa pepala lina m'kabati. Nyumba imene ankasainirayo inali yoyamba kugula pabanjapo, yoti azichititsa lendi, ndipo wogulitsa anali atanenetsa kuti akapanda kusaina lero, aipereka kwa wina.

Mayiwo anagwiranso cholembera. Mpando wa pambali pawo unali wopanda munthu, koma anasendeza pepalalo chakomweko, ngati pali wina woti awerenge nawo. Mwana wawo wamkaziyo anamva kafungo ka girisi, kofanana ndi ka ovololo ya bambo ake.

"Mayi," anatero loya mofatsa, "malemu sagula nyumba. Apa pakufunika dzina lanu."

"Ndikudziwa, a loya. Mutu wanga uli bwinobwino."

"Nanga mukufuna chiyani, amayi?" anafunsa mwanayo.

Mayiwo anaika cholembera pansi.

"Bambo ako anakalambira m'nyumba za eni. Ndimangofuna kuona dzina lawo pamzere wa mwini nyumba, ngakhale papepala lokataya."