Chiswe Adya Ng'oma ya Chule

Padangokhala, kale nyama zikadagawana zinthu pabwalo, mlombwa waukulu unagwa m'dambo. Nyama zinagwirizana kuti nthambi zonse zipite kwa Chiswe, womanga nyumba ya alendo, koma chipika chimodzi asemere Chule ng'oma.

Mvula yoyamba itagwa, anamzeze anafika kuchokera kutali, nagona pachulu cha Chiswe, nyumba ya alendo ija. Koma kukacha, onse ankathamangira kwa Chule kukavina ndi kumusupa, mpaka kuiwala kudya.

Chiswe mtima unamuwawa. "Makoma awa ndinamata ndi malovu anga," ankang'ung'udza, "koma wosupidwa n'kukhala wa khungu lokhakhalayu?"

Anapita pabwalo. "Akuluakulu, ndipatseni chipika chija ndionjezere chipinda. Kodi nyimbo munthu amafunda?"

Nyama zinakana. Pamenepo Chiswe analowa m'ng'oma muja mwakachetechete, nadya m'kati chilimwe chonse, kusiya chikopa ndi khungwa lokha.

Mvula itabweranso, anamzeze anadzaza kwa Chule. Chule anangoti amenye kamodzi, ng'oma inagumuka n'kusanduka fumbi. Chiswe anaseka chamumtima.

Alendo anabwerera pachulu, nangokhala osowa chochita. Nthawi yomweyo ngumbi, ana a Chiswe, zinayamba kutuluka kuuna ndi mapiko atsopano. Namzeze mmodzi anawakha imodzi n'kumeza, anzake natsatira.

"Pepani alendo, amenewo ndi ana anga!" analira Chiswe.

Namzeze wamkulu anapukuta mlomo. "Tikanakhala kugule, bambo, sitikanawaona."

Mpaka lero mvula ikagwa, Chule amaimba ndi pakhosi chabe, ndipo anamzeze amazungulira chulu. Nthano yathera pachulu pomwepo.