Bondo Losagwada

Apongozi anga aamuna sanatambasule manja. Ndinaima patsogolo pawo ndi beseni la madzi osamba m'manja, onse amene anali pakhonde akundiyang'ana.

"Mkazi wa Aaron amapereka madzi ataimirira ngati msilikali?" anafunsa osandiyang'ana n'komwe.

Kuyambira pamene ndinagwa panjinga panjira ya ku Tembwe, bondo langa lakumanja silipindika. Pulasitala anachotsa, koma anesi anati mnofu wakutsogolo kwa ntchafu unauma. Wakumbuyo ukakoka kuti mwendo upindike, wakutsogolowo umakana kutambasuka. Anati ndizipinda pang'onopang'ono, osakakamiza. Aaron amazidziwa zonsezi, koma Aaron ali ku Chipata, ndipo pano palibe amene anandifunsapo.

"Atate, ndi bondoli…"

"Bondo? Nanga kumunda umapita ndi bondo la ndani?" anandidula mawu alamu anga a Hazel. "Kunyada chabe. Ngati sagwada, abwerere kwawo."

Mtima unandipsa. Kwathu kulibe munthu, ngakhale nyumba inagwa kale. Ndinaluma mlomo, ndinabweza phazi kumbuyo, n'kutsitsira thupi lonse pamwendo woumawo. M'ntchafu munamveka kuti phwi, ngati chingwe chikuduka. Ndinafika pansi madzi ena atatayika.

"Ehe, manje lapindika," anatero apongozi. Anasamba m'manja mosafulumira, chala ndi chala.

Onse analowa kukadya. Ine ndinatsala pomwepo, beseni lili m'manja, ndikuuza mwendo wanga kuti undidzutse. Manje unakana kuwongoka.