Bokosi la a Vicente

A Vicente anagwedeza bokosi la madandaulo. Munkamveka kapepala kamodzi kokha, pa miyezi itatu yathunthu.

Bokosilo linali ngati mwana wawo. Atangofika ku Fíngoè kudzakhala mkulu wa ofesi, analipachika pakhomo n'kulilembera malamulo masamba asanu: wodandaula alembe, aponyemo, komiti idzatsegula miyezi itatu ikakwana. Anali munthu woti mbuzi ikalowa mu ofesi, amayamba aitanitsa msonkhano asanaithamangitse.

Tsono Lachisanu kunkabwera akuluakulu a ku Tete kudzaona mmene ntchito yokonza maofesi ikuyendera. Akawaonetsa chiyani?

Wowasokonezayo ankamudziwa. Anali Dona Glória, kalaliki wakalekale wokhala pafupi ndi khomo. Kangapo konse anawaona pazenera akulandira mapepala m'manja mwa anthu n'kuwabisa m'dirowa. Masana ankangosowa, osatsanzika n'komwe. Munthu wobisa madandaulo ndiye kuti akubisa zake, anatero a Vicente mumtima. Kalata yowasamutsira ku Chipera inali italembedwa kale, inkangodikira karimbu, chidindo cha ofesi.

Lachinayi anasonkhanitsa komiti.

"Dona Glória, tsegulani dirowa yanu."

Mayiwo anaitsegula osatekeseka. Munali mapepala thoo. A Vicente anawerengako angapo: mjigo wothyoka, ana obadwira ku Zambia opanda ziphaso zija za mabilyeti, mkangano wa malire a munda.

"Mukukana kuti munalanda izi?"

"Sindikukana, a shefi. Amandipatsa okha. Kunotu munthu sauza thabwa mavuto ake, amafuna womuyankha."

"Chabwino. Mmodzi yekha anakuzembani. Timve zimene akukunenerani."

Anatsegula bokosi mwaulemu wonse, navala mandala, nakonza kukhosi. Pepalalo linali lodzaza zidindo za zala, zoposa makumi anayi. Anayamba kuwerenga mokweza, koma mawu ankamka nachepa.

"Kwa a shefi. Mjigo unakonzedwa, ana analandira mabilyeti, za malire zinatha. Dandaulo latsala ndi limodzi, ndipo ili Dona Glória akana kulilandira. Amayenda wapansi potithera mavutowa, mapazi awatupa. Chonde muwagulireko mota, njinga yamoto."