Galimoto ya a Shadrick Inalibe Tsiku Lopuma

Panali munthu wina cha kwa Chiwalo ku Phalombe, mlangizi wa zaulimi, dzina lake a Shadrick. Amene anandiuza nkhaniyi akuti bamboyu anali wosatha kukhala pansi.

Matipate atangoyamba kumene, a Shadrick anapita ku Limbe n'kukagula galimoto yakale yochokera ku Joni. Wogulitsayo sanawanamize.

"Achimwene, ndisakubisireni, galimotoyi yayenda. Musanapite nayo patali, muisiye kugalaja tsiku limodzi. Asinthe oyilo, fyuluta ndi malamba."

"Ndamva," anatero a Shadrick, zala zili pa wailesi ya m'galimotomo.

Atafika nayo kumudzi, kupuma kunatha. Paja galimoto ya kumudzi sikhala ya mwini wake yekha. Lero maliro ku Fort Lister, mawa wodwala, mkucha chinkhoswe, kenako matumba a nandolo opita kumsika. A Shadrick sankadziwa kukana. Kunena zoona sankafunanso kukana, poti kutchedwa bwana kumakoma.

Mkazi wawo, mayi Hilda, ankawakumbutsa. "Bambo a Belita, tsiku la kugalaja lija lifika liti?"

"Loweruka."

Loweruka likafika, wina wagogoda kale pachitseko.

Oyilo akachepa, ankangothamangira kuchigayo kukapempha wakuda uja wokhetsedwa mu injini, amene anthu amapaka mitengo ya denga kuti chiswe chisadye. "Oyilo ndi oyilo," ankatero. Kanyali kofiira kochenjeza katayamba kuyaka, anakamata ndi pulasitala kuti kasamawasokoneze. Munthu wamkulu ndithu!

Mwana wawo Belita anali atakhoza bwino Fomu 4, ndipo anaitanidwa ku intavyu ya sukulu ya unamwino ku Blantyre. Malo anali ochepa, wochedwa sankamudikira. Mtsikanayo usiku tulo sankatipeza.

"Ababa, bwanji ndikwere minibasi lero, ndikagone kwa azakhali ku Ndirande?"

"Mwana wa mwini galimoto akwere minibasi? Ukufuna anthu andiseke? Tinyamuka mawa m'mamawa."

Kutacha ananyamukadi. Ali pa msewu wafumbi wopita ku Chiradzulu, injini inayamba kugogoda ngati munthu akukhoma msomali.

"Ababa, imani kaye."

"Imatero masiku onse iyi. Khala phee."

Anapondanso mafuta. Phuu! Utsi tolo, galimoto zii. Injini inali itafa, pamalo popanda ngakhale nyumba.

A Shadrick anatsegula boneti, kugwira apa, kugwira apo, kukankha, kutukwana. Belita anaima pakati pa msewu ndi bulauzi yake yoyera, kuyang'ana dzuwa, kuyang'ana msewu, kuyang'ananso dzuwa. Minibasi inadutsa yodzaza, sinaime. Inanso chimodzimodzi. Pamapeto pake lole ya chimanga inamumvera chisoni, anakwera pamwamba pa matumba.

Anafika pa geti la sukuluyo dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Mlonda anamuyang'ana n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, mayina anaitana m'mawa. Mabwana aja apita kale."

Anapempha, anagwada, koma panalibe womumvera.

Pobwerera anawapeza bambo ake pomwe paja, atakhala pa mwala, manja ali bii. Apa mpamene pamandiwawa ine. Mtsikanayo sanalire, sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu:

"Ababa, kodi chaka chamawa adzandiitananso?"

A Shadrick anangozyolika.

Sanamuitanenso.

Phunziro: Galimoto yakale ukangoigula, iyambe yaonana ndi makaniko isanaonane ndi abale. Sintha oyilo ndi malamba nthawi yake, osati oyilo wotola, ndipo nyali yofiira ikayaka, ima. Pakadafunda padajiwitsa galu. Tsiku limodzi limene ukuikaniza kugalaja idzalitenga yokha, ndipo idzasankha tsiku limene ukuifunitsitsa. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa m'bale wanu amene wangogula galimoto ndipo akuti apita kugalaja Loweruka.